Kapangidwe ka nthiti za boti la matabwa loyenda ndi thanga

Anthu amene akufuna kudzikhomera okha boti la matabwa loyenda ndi thanga amandifunsa funso limodzi lomwelo mobwerezabwereza, ndipo kawirikawiri amafunsa mochedwa, matabwa a m'mbali atakhomedwa kale. Amafuna kudziwa chifukwa chimene boti latsopano, lomatidwa bwino ndi thonje ndi phula, limayamba kuchucha likangokumana ndi mafunde a mwera kawiri kapena katatu. Vuto silikhala pa phula. Nthawi zambiri limakhala pa nthiti zimene zinadulidwa mosasamala, moti thabwa silinagone pa nthiti mokwanira koma linangoikhudza m'mphepete. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe ndondomeko yonse pamalo amodzi kuti aliyense wofuna kuyamba ntchitoyi aiwerenge asanagule thabwa ngakhale limodzi.

Nthiti ndi mitengo yopingasa imene imaima pa msana wa boti n'kupatsa botilo maonekedwe ake, ndipo matabwa a pansi ndi a m'mbali amakhomedwa pa izo. Msana ndi mtengo wautali wa pansi penipeni, wochokera kumphuno kukafika kumbuyo. Mlomo ndi m'mphepete mwa pamwamba mwa boti. Pamene mbali ya boti imakumana ndi pansi pake, n'kupanga ngodya, ndidzatchula kuti pachigongono. Chitsanzo chimene ndigwiritse ntchito ndi boti la mamita 6 mulitali ndi mita 1.8 mulifupi, lokhala ndi chigongono chimodzi mbali iliyonse, nthiti 11 zotalikirana masentimita 50, ndi matabwa okhuthala masentimita awiri. Miyeso imeneyi ndi yongofotokozera, ndipo yanu muitenge pa pulani yanu.

Maboti otere si achilendo pa Nyanja ya Malawi. Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, anali ndi zombo za matanga zowolokera kutsidya la kum'mawa, ngakhale kuti zimene zinkanyamulidwa zinali minyanga ndi akapolo, ndipo mpaka lero maboti a thanga amayenda pakati pa Likoma, Chizumulu ndi gombe la Mozambique. Nyanjayi ndi yaitali makilomita opitirira 550, ndipo mwera umawomba kuchokera kummwera motsatira utali umenewu m'miyezi yozizira, motero mafunde amakhala ndi mtunda wokwanira wokulira. Boti la thanga limavutika kawiri, chifukwa mafunde amalimenya pansi pamene mphepo ikulipotoza kudzera pa mlongoti.

1. Khalani ndi miyeso yolembedwa musanadule chilichonse.

Amisiri akale a kunyanja amatha kukhoma boti ndi diso lokha chifukwa akhoma ambiri, koma munthu amene akukhoma loyamba sayenera kuwatsanzira pa chimenechi. Pezani pulani yojambulidwa ndi wodziwa, kapena funsani uphungu kwa amene anaphunzira ntchitoyi, monga ku sukulu ya zausodzi ya ku Mpwepwe m'boma la Mangochi. Ngati zimenezi sizikutheka, pemphani mwini wa boti limene layenda zaka zambiri popanda vuto kuti akuloleni kuliyeza lili kumtunda. Pa nthiti iliyonse mufunika kudziwa malo atatu: pamene ikukhudza msana, pachigongono, ndi pamlomo. Malo aliwonse muwalembe ndi manambala awiri, msinkhu wake kuchokera pa mzere wa pansi ndi mtunda wake kuchokera pa mzere wa pakati pa boti. Yezani mbali imodzi yokha, chifukwa inayo iyenera kufanana nayo ndendende. Funsaninso pasadakhale ngati miyeso ya pa pulaniyo ndi ya kunja kwa matabwa kapena ya mkati mwake, popeza yankho lake lidzafunika pa gawo lachinayi.

Ngati botilo lidzanyamula anthu olipira kapena katundu wa malonda, kambiranani ndi a Dipatimenti ya za Maulendo a Pamadzi musanayambe, chifukwa lamulo la 1995 loyendetsa zombo za m'nyanja ndi m'mitsinje limafuna kuti zombo zotere zilembetsedwe ndi kuyenderedwa.

2. Sankhani mtengo ndipo muuumitse.

Madzi a m'nyanja yathu alibe mchere. Ubwino wake ndi wakuti mulibe nyongolotsi zoboola matabwa zija zimavutitsa anthu a ku Beira ndi Quelimane, koma kuipa kwake ndi kwakuti mtengo umawola msanga m'madzi opanda mchere kusiyana ndi a mchere, makamaka pamene madzi a mvula amadikha mkati mwa boti. Choncho nthiti zimafuna mtengo wosawola msanga, wogwira bwino msomali ndi bawuti.

Mlombwa ndiwo wabwino koposa pa mitengo yodziwika kwathu kuno, chifukwa sufota kwambiri ukauma ndipo supotoka, koma mugwiritse ntchito mtima wake wofiirira wokha. Gawo loyera la kunja limafumbwa ndi kuwola, ndipo wocheka matabwa akakuuzani kuti loyeralo lilibe vuto, dziwani kuti akufuna kugulitsa thabwa. Mbawa nayo imagwira ntchito, ngakhale sipirira chinyontho ngati mlombwa. Bulugama wokhwima ndi wolimba ndipo amapezeka mosavuta, koma amang'aluka ndi kupotoka akamauma, motero amafuna kuumitsidwa pang'onopang'ono ndiponso kubooledwa musanakhome msomali uliwonse. Malaina ndi wopepuka ndipo ndi woyenera matabwa a m'mbali kusiyana ndi nthiti. Paini wa m'minda ya mitengo musamuike pa nthiti ngakhale atatsika mtengo chotani. Mkungudza wa ku Mulanje, umene kale unkakhomedwa maboti, watsala pang'ono kutheratu ndipo ndi wotetezedwa, choncho muusiye. Mlombwa ndi mbawa nazo ndi mitengo yotetezedwa, ndipo muyenera kugula kwa munthu amene ali ndi chilolezo cha Dipatimenti ya za Nkhalango n'kusunga mapepala ake.

Chekani matabwa a nthiti okhuthala masentimita anayi, muwasanje pamthunzi pamalo opita mphepo, mutaika timitengo pakati pawo, ndipo mupake penti kumapeto kwa thabwa lililonse kuti lisang'aluke. Njira yosavuta yodziwira kuti auma ndi kudula kachidutswa kamodzi n'kumakayeza pa sikelo sabata iliyonse. Kulemera kwake kukasiya kutsika kwa masabata angapo motsatizana, matabwawo auma mokwanira. Nthiti yopangidwa ndi mtengo wauwisi imafota ili kale m'boti, mabawuti n'kukhwepa, ndipo guluu sagwira pa mtengo wonyowa.

3. Jambulani nthiti zonse pa msinkhu wake weniweni.

Tengani mapulayiwudi awiri kapena pansi pa simenti posalala, mupake penti yoyera, ndipo mujambule mzere wa pansi ndi mzere wa pakati woima chilili pa uwo. Musadalire sikweya yaing'ono pa mizere yaitali chonchi. Yezani masentimita 60 pa mzere wina ndi 80 pa unzake kuchokera pamene ikukumana, ndipo mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo ukakhala masentimita 100 ndiye kuti ngodyayo ndi yolondola. Kenako ikani madontho a nthiti iliyonse n'kuwalumikiza ndi mizere. Nthiti ya pakati, mwachitsanzo, ikhoza kukhala ndi chigongono pa masentimita 72 kuchokera pakati ndi 18 kuchokera pansi, ndi mlomo pa masentimita 90 kuchokera pakati ndi 75 kuchokera pansi.

Jambulani nthiti zonse pa bolodi limodzi, ina mkati mwa inzake, ndipo mulembe nambala pa mzere uliwonse kuyambira 1 kumphuno. Mukatha, taimani pataliko muyang'ane madontho a zigongono zonse ndi a milomo yonse. Ayenera kutsatana mokhota bwino popanda lina lodumpha, ndipo limene ladumpha ndiye kuti nambala yake inalembedwa kapena kuwerengedwa molakwika. Jambulaninso mzere umodzi wopingasa, wofanana msinkhu pa nthiti zonse, monga masentimita 60 kuchokera pansi. Bolodi limeneli musalifufute kapena kulichekera zina mpaka boti litatha, chifukwa mudzabwererapo kangapo.

4. Chotsani kukhuthala kwa matabwa, kenako dulani zidutswa.

Ngati miyeso yanu ndi ya kunja kwa boti, mzere wa nthiti uyenera kulowa mkati ndi kukhuthala kwa thabwa. Ambiri amaiwala zimenezi ndipo boti limakula masentimita anayi mulifupi, msana ndi mphuno n'kusiya kugwirizana ndi nthiti. Pakati pa boti chotsani mamilimita 20 basi. Kumphuno, kumene thabwa limadutsa nthiti mopendekeka, muyenera kuchotsa ochulukirapo pang'ono, moti thabwa la mamilimita 20 lodutsa mopendekeka madigiri 30 limatenga malo a mamilimita 23.

Nthiti iliyonse ili ndi zidutswa zinayi zazikulu, ziwiri za pansi ndi ziwiri za m'mbali, kuwonjezerapo mtanda wa pansi wozilumikiza pamwamba pa msana. Dulani zidutswazi masentimita 7.5 mulifupi, koma za nthiti zitatu za kumphuno zikhale masentimita 9, pa chifukwa chimene chidzaoneke pa gawo lachisanu ndi chiwiri. Chofunika koposa pano ndi mitsempha ya mtengo, kutanthauza mizere imene mtengo umatsatira ukamang'aluka. Mitsempha iyenera kuyenda motsatira utali wa chidutswa chilichonse. Musayese kudula nthiti yonse yokhota kuchokera pa thabwa limodzi lotambalala n'cholinga chopewa kulumikiza, chifukwa pachigongono mitsempha idzakhala yopingasa, ndipo malo amenewo mwana akhoza kuwathyola pa bondo. Njira yokhayo yopezera nthiti yokhota yopanda cholumikizira ndi kufunafuna nthambi kapena muzu umene unakula wokhota mwachibadwa, monga amachitira amisiri a m'mbali mwa nyanja, n'kuusema ndi kasemasema. Nthiti zotere ndi zolimba kwambiri, koma kupeza ziwiriziwiri zofanana pa malo onse khumi ndi limodzi ndi ntchito ya miyezi. Chidutswa chokhala ndi mfundo yaikulu m'mphepete chitayeni, ndipo zidutswa za kumanja ndi kumanzere muzipale pamodzi mutazipana kuti zifanane.

5. Lumikizani nthiti pa bolodi lomwelo.

Yalani pepala la pulasitiki loonekera mkati pa chojambulacho kuti guluu asamate bolodi, khomani timatabwa totchinga motsatira mzere wa nthiti imene mukupanga, ndipo mugoneke zidutswazo mozigunditsa ku timatabwato. Pachigongono ikani zigamba ziwiri, china mbali iyi china mbali inayo, za pulayiwudi wa maboti wokhuthala mamilimita 12, zofika masentimita 20 kapena kupitirira pa chidutswa chilichonse. Pulayiwudi wamba wa mipando ndi makabati amafundukuka akanyowa. Ngati mukukayika za amene mwagula, wiritsani kachidutswa kake m'madzi kwa ola limodzi, mukaumitse, muwiritsenso, ndipo kakayamba kulekana musamugwiritse ntchito. Popanda pulayiwudi woyenera, gwiritsani ntchito chigamba cha mtengo wolimba chimene mitsempha yake ikudutsa cholumikiziracho mopingasa.

Guluu woyera wa akalipentala sapirira madzi. Gwiritsani ntchito epoxy kapena guluu wina wolembedwa kuti ndi wa maboti, ndipo musadalire guluu yekha. Mangani ndi mabawuti a mamilimita 8 okutidwa ndi zinki, okhala ndi mawashala mbali zonse, ndipo muboole kaye bowo lofanana ndi bawutiyo. Misomali wamba imachita dzimbiri m'nyengo imodzi ya mvula n'kudetsa ndi kufewetsa mtengo woizungulira. Musasakanize zitsulo za kopa ndi za zinki pamalo amodzi onyowa, chifukwa zinkiyo imadyeka msanga. Mabawuti ndi zigamba zikhale masentimita awiri kapena kupitirira kuchokera m'mphepete mwa kunja, kuti puleni isadzakumane nazo, ndipo musaike bawuti pangodya penipeni pamene mudzadule mpata wa mtanda wa pachigongono, umene ndi mtengo woyenda motsatira chigongono utali wonse wa boti.

Nthiti isanachoke pa bolodi, khomani mtanda wogwirizira wosakhalitsa kuchokera mbali ina kufika inzake, m'mphepete mwake mwa pamwamba muli pa mzere wopingasa uja wa masentimita 60. Lembani mzere wa pakati pa mtandawo ndi pa mtanda wa pansi, lembani msinkhu wa mlomo mbali zonse, ndi nambala ya nthiti. Zidutswa za m'mbali muzisiye zitatalika masentimita 10 kupitirira mlomo, mudzazidula boti litakhomedwa.

6. Limbitsani nthiti za pa mlongoti.

Apa ndi pamene boti la thanga limasiyana ndi la injini kapena la nkhafi, ndipo amene azolowera kukhoma maboti a usodzi amapaiwala. Mlongoti umakanikiza pansi ndi tsinde lake ndipo umakankha cham'mbali pa mpando umene wadutsamo. Dziwani malo a mlongoti musanalumikize nthiti, ndipo nthiti ziwiri zoyandikana nawo zikhale zokhuthala masentimita 6, kapena ziphatikizidwe ziwiriziwiri. Tsinde la mlongoti lisakhale pa thabwa la pansi kapena pa mtanda umodzi, koma pa mtengo wolimba wogona motsatira msana, wokhala pa mitanda ya pansi itatu. Mpando wa mlongoti umangidwe ndi mabawuti ku nthiti ndi kuchirikizidwa ndi mphanda zokhota mwachibadwa mbali zonse. Ngati mlongoti udzakhala ndi zingwe zoukoka m'mbali, zitsulo zake zimangidwe ku nthiti, osati ku thabwa lokha.

7. Lembani ndi kupala kupendekeka kwa m'mphepete mwa nthiti.

Ili ndilo gawo limene malangizo ambiri amalidumpha ndi mawu awiri, pamene ndilo gwero la kuchucha kumene ndatchula poyamba paja. Boti ndi lotambalala pakati ndipo limaning'a kumphuno ndi kumbuyo. Thabwa la m'mbali likamachoka pakati kulowera kumphuno, limadutsa nthiti iliyonse mopendekeka. Nthiti ikasiyidwa ndi m'mphepete mwa sikweya monga inachokera pa sowo, thabwa limangokhudza ngodya imodzi, ndipo kuseri kwa ngodyayo kumatsala mpata. Msomali wodutsa mumpata umenewu sugwira kanthu pakatipo. Funde lililonse limagwedeza thabwa pa msomaliwo, bowo limakula, thonje la pakati pa matabwa limakhwepa, ndipo madzi amene adikha mumpatamo amayambitsa kuwola pamalo amene simungapaone. Kuthira phula wambiri kumangobisa vutoli kwa masabata ochepa.

Choyamba muyenera kumvetsa mbali ya nthiti imene ndi yoona. Nthiti ili ndi nkhope ziwiri, ina yoyang'ana pakati pa boti ndi ina yoyang'ana kumapeto. Mzere umene munajambula pa bolodi ndi wa nkhope yoyang'ana pakati pa boti, chifukwa ndiyo yaikulu. Pa nthiti za kutsogolo, imeneyi ndi nkhope ya kumbuyo, ndipo pa nthiti za kumbuyo ndi nkhope ya kutsogolo. Ngodya ya nkhope imeneyi puleni isaikhudze ngakhale pang'ono. Idetseni ndi pensulo utali wake wonse, kuti chizindikirocho chikafufutika mudziwe kuti mwapala mopitirira. Mtengo wonse wochotsedwa uchoke ku nkhope yoyang'ana kumapeto.

Kuchuluka kwa mtengo wochotsa mungathe kukuwerengera pa bolodi lija. Yezani mpata wa pakati pa mzere wa nthiti imene mukupanga ndi mzere wa nthiti yotsatira yaing'ono, ndipo muyeze molunjika kuchokera pa mzere, osati mopendekeka. Chulukitsani mpatawo ndi kukhuthala kwa nthiti, kenako mugawe ndi kutalikirana kwa nthiti. Tiyerekeze kuti pa nthiti 2, pamlomo, mpata wofika pa mzere wa nthiti 1 ndi masentimita 20. Kuchulukitsa 20 ndi 4 kumapereka 80, ndipo kugawa 80 ndi 50 kumapereka sentimita 1.6, kutanthauza mamilimita 16. Pachigongono pa nthiti yomweyo mpata ukhoza kukhala masentimita 15, zimene zimapereka mamilimita 12. Pa nthiti 5, pafupi ndi pakati, mpata wa masentimita 2.5 umapereka mamilimita awiri okha. Apa mukuona chifukwa chake nthiti za kumphuno zinadulidwa zotambalala, popeza zimataya mtengo wambiri.

Cholakwika chofala ndi kuganiza kuti kupendekeka ndi kumodzi pa nthiti yonse. Kumasintha kuchokera pamlomo kufika pachigongono, ndipo kwa chidutswa cha pansi n'kosiyana ndi kwa cha m'mbali. Werengerani pamalo anayi, pamlomo, pamwamba pa chigongono, pansi pa chigongono, ndi pafupi ndi msana. Lembani manambalawo pa nkhope yoyang'ana kumapeto, kuyeza kuchokera m'mphepete kulowa mkati, n'kulumikiza madonthowo ndi mzere. Tsopano muli ndi mizere iwiri, ngodya yodetsedwa mbali ina ndi mzere watsopano mbali inayo, ndipo ntchito ndi kupala mtengo wa pakati pake kuti pakhale poterera mowongoka.

Ndimalangiza kuti pa benchi mupale magawo atatu okha mwa anayi a mtengowo, lotsalalo mudzamalize nthiti zitaima, chifukwa kuwerengera kumeneku kumayandikira chabe ndipo mtengo wochotsedwa subwerera. Pamene pali mtengo wambiri, chekani timipata tosaya ndi sowo motalikirana masentimita asanu, tosafika pa mzere, mugobe ndi tchizulo, kenako musalaze ndi puleni yakuthwa. Samalani kuti pamalo popalidwapo pasakhale chinunda pakati. Dzanja losazolowera limagwedeza puleni n'kusiya m'mphepete mobulungira, ndipo thabwa logona pamalo obulungira limakhudza mzere umodzi wokha, zimene sizisiyana ndi kusapala konse. Gonekani rula yachitsulo mopingasa pafupipafupi, ndipo isagwedezeke kapena kuonetsa kuwala pansi pake.

8. Imikani nthiti pa msana.

Khazikani msana pa zipika zolimba zokumbiridwa pansi, pamthunzi, ndipo muuwongole ndi chingwe. Imikani mtengo wa kumphuno ndi thabwa la kumbuyo, muzichirikize, n'kukoka chingwe cholimba pamwamba kuchokera pakati pa mphuno kufika pakati pa thabwa la kumbuyo. Lembani malo a nthiti pa msana, kuyeza onse kuchokera pa chizindikiro chimodzi ndi tepi yaitali, osati kuchokera pa nthiti ina kufika pa inzake, chifukwa zolakwika zing'onozing'ono zimaunjikana. Kumbukirani kuti nkhope yoyang'ana pakati pa boti ndiyo ikhale pa chizindikiro. Nthiti imodzi ikaikidwa mbali yolakwika ya chizindikiro, yasuntha masentimita anayi, ndipo kumphuno zimenezi zimaoneka ndi maso.

Yambani ndi ya pakati, ndipo iliyonse muiyeze njira zinayi. Chingwe chokhala ndi kamwala cholendewera kuchokera pa chingwe cha pamwamba chidutse pa mzere wa pakati wa mtanda wogwirizira ndi wa mtanda wa pansi. Mtanda wogwirizira ukhale wosapendekera mbali, ndipo pa ichi kapaipi koonekera mkati kokhala ndi madzi kamayeza bwino kuposa levulo yaifupi. Nthiti iime chilili, yosaweramira kutsogolo kapena kumbuyo. Pomaliza, khomani msomali pakati pa mphuno, mukoleke tepi, ndipo muyeze kufika pa chizindikiro cha mlomo kumanja ndi kumanzere. Miyeso iwiriyo ifanane, kusiyana kwake kusapitirire mamilimita atatu. Boti la nthiti zopotoka limathamanga bwino mphepo ikachokera mbali imodzi n'kumakana ikachokera mbali inayo, ndipo palibe chiwongolero chimene chingakonze zimenezo. Mukakhutira, chirikizani nthitiyo ndi timatabwa tokhomedwa ku zikhomo za pansi, koma musamange mabawuti a ku msana kufikira gawo lotsatira litatha.

9. Malizani kupala pogwiritsa ntchito kathabwa koyesera.

Chekani timatabwa tingapo towonda, mamilimita 15 mbali zonse, topanda mfundo, totalika kuposa theka la boti. Pa ntchito iyi paini wowongoka ndi woyenera. Gonekani kamodzi motsatira utali wa boti, kadutse nthiti zisanu kapena kupitirira, m'njira imene thabwa lenileni lidzadutse, ndipo wina akagwire kumapeto. Kathabwako kayenera kugona pa nthiti iliyonse kuchokera ngodya ina kufika inzake popanda kukakanikiza. Pakani makala kapena choko kunsi kwake n'kukakhukhuza pang'ono, ndipo pamene padetsedwa ndi pamene pakwera. Palani pamenepo pang'ono, yesaninso, kenako sunthirani kathabwako masentimita 10 m'munsi. Bwerezani kuchokera pamlomo kufika pamsana, mbali zonse ziwiri, ndipo musamalize mbali imodzi yonse musanayambe inayo, koma muzisinthanasinthana kuti zifanane.

Mukapeza nthiti imene kathabwako sikakuikhudza, musathamangire kupala zoyandikana nazo kuti zitsike. Mukatero mudzathamangitsa cholakwikacho boti lonse mpaka maonekedwe ake atasintha. Yambani mwayezanso ngati nthitiyo ili pamalo pake ndiponso ngati yaima bwino, chifukwa kawirikawiri imakhala itangosuntha. Ngati ilidi yotsika, matani kachidutswa kowonda ka mtengo womwewo m'mphepete mwake ndi epoxy, kaume, ndipo mupalenso. Ngati imodzi yakwera moti kathabwako kakudumpha ziwiri zoyandikana nayo, ndi pokhapo pamene mungaloledwe kupala ngodya yodetsedwa ija, ndipo muchite chimodzimodzi mbali inayo. Khomani timatabwa titatu kapena tinayi mosakhalitsa mbali iliyonse, mugwade kumphuno, muyang'ane motsatira utali wake ndi diso limodzi. Diso limaona kukhota kolakwika kumene tepi siingakuuzeni. Ntchito ya gawo lino ikhoza kutenga masiku ambiri kuposa kulumikiza nthiti zonse, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

10. Dulani mipata, boolani njira za madzi, pakani penti, mangani.

Mipata ya mtanda wa pachigongono ndi wa pamlomo idulidwe tsopano nthiti zitaima, osati pa benchi, chifukwa nayonso imapendekeka. Gonekani kathabwa koyesera pamalo pamene mtandawo udzadutse, lembani mizere pa nthiti motsatira kathabwako, ndipo mugwiritse ntchito kachidutswa ka mtanda weniweniwo poyesa kuya kwake. Mpata usapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a mulifupi mwa nthiti pokhapokha pali chigamba chokwanira kuseri kwake.

Pa nthiti iliyonse, mbali zonse za msana, dulani kangodya ka masentimita awiri ndi theka kapena kupitirira m'mphepete mwa pansi, kuti madzi olowa m'boti azitha kuyenda kukasonkhana pamalo amodzi otsika pamene mungawakape. Timabowo tating'ono timatsekeka ndi mchenga ndi mamba a nsomba, choncho ndi bwino kudutsitsa chingwe cha nayiloni m'timabowo tonse matabwa asanakhomedwe, kuti muzichikoka uku ndi uku potsegula.

Malo onse amene adzabisike, pansi pa mitanda, m'mipata, m'njira za madzi ndi m'mphepete mopalidwa, apakidwe penti ya mafuta kawiri, ndipo kumapeto kwa chidutswa chilichonse, kumene kumamwa madzi kwambiri, kupakidwe mpaka kutasiya kumwa. Pamene padzamatidwe ndi guluu pokha ndi pamene sipafunika penti. Oyilo wakutha wa galimoto musamugwiritse ntchito, chifukwa penti ndi guluu sizigwiranso pa mtengo umene wamwa oyilo, ndiponso amaipitsa madzi a pagombe. Kenako boolani kuchokera pa mtanda wa pansi kudutsa msana, ikani phula pakati pa ziwirizo, kulungani kathonje kopakidwa penti pansi pa mutu wa bawuti wa kunja, ndipo mumange ndi mabawuti a mamilimita 10. Mukamanga nthiti iliyonse yezaninso ndi tepi kuchokera pa msomali wa kumphuno uja, popeza bawuti imatha kukoka nthiti ikamalimba. Mitanda yogwirizira ikhalebe pamalo pake mpaka matabwa a m'mbali, mtanda wa pamlomo ndi mipando zitamangidwa, ndipo pokhoma matabwa muzikhoma limodzi kumanja, limodzi kumanzere, kuti mphamvu ya thabwa lopindidwa isakokere nthiti mbali imodzi.